Folke Hedlund Asankha Ng'anjo ya Mtovu

M'tauni ya Orsa munalibe nyumba imene Folke Hedlund sanagwademo. Kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi anali pulambala, ndipo anthu ambiri a m'tauniyo ankadziwa bwino zidendene za nsapato zake kuposa nkhope yake, poti nthawi zambiri mutu unkakhala uli pansi pa sinki. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosachedwa kuseka koma wochedwa kuvomereza. Ukamuuza kuti kunja kukugwa mvula, ankayamba watulutsa dzanja pazenera.

Ntchitoyo anaiphunzira ali mnyamata, nthawi imene mapaipi achitsulo a madzi oipa ankalumikizidwa ndi mtovu wosungunula. Mmisiri amene anamuphunzitsa atapuma pantchito, anamusiyira mphika wachitsulo wakuda bii ndi chipande cha mpini wautali. Sipanapite zaka zambiri mapaipi apulasitiki anafika, mtovu unatha ntchito, ndipo mphika uja unangokhala pakona m'kanyumba ka kuseri, ukusunga misomali yopindika.

Za mfuti zinangomugwera. Tsiku lina akukonza mapaipi m'denga la nyumba yakale ya pafamu, anapeza mfuti ya gogodela kuseri kwa matabwa, itakulungidwa m'chikhoti chodyeka ndi njenjete. Anaitsitsa n'kukaionetsa mwini nyumba, mayi wamasiye.

"Chotsani chimenecho pano," anatero mayiyo akubwerera m'mbuyo. "Chinali cha agogo a amuna anga. Ngati mukuchifuna tengani, ine ndigona bwino."

Folke anaitenga, nakhala nyengo yonse yozizira akuichotsa dzimbiri. Atakalowa kalabu ya anthu owombera mfuti zamakedzana, anapeza kuti zipolopolo za kukula kwake kulibe sitolo imene inkagulitsa. Wina anamupezera chikombole, ndipo Folke anakhuthula misomali ija, n'kuika mphika wa mmisiri wake pachitofu cha gasi. Kuyambira pamenepo, kwa zaka zoposa makumi atatu, zipolopolo zake zonse ankapanga yekha. Ankatunga mtovu ndi chipande, kuthira m'chikombole, kuwerenga mumtima mpaka zisanu, kutsegula, chipolopolo n'kugwera pathaulo chikunyezimira ngati ndolo. Kenako chilichonse ankachiyeza pasikelo yaing'ono. Chopepuka ngakhale pang'ono chinkabwerera mumphika.

Mlenje sanali ayi. Nyama imodzi yokha imene anaphapo inali nkhandwe imene anaigunda ndi galimoto, ndipo anaidandaula sabata yathunthu. Iye ankawombera mapepala. Loweruka lililonse, chipale chofewa cha nyengo yozizira chikangosungunuka, ankapita kubwalo la kalabu kunkhalango, kugona chafufumimba pamkeka, kulunjika chandamale, kenako phuu! utsi wa onga n'kumukuta yense. Ankabwera kunyumba akununkha ngati mazira owola, nkhope ili mwee.

Mkazi wake Gunvor, amene anaphikira ana a sukulu mpaka kupuma, analibe nazo vuto mfutizo, koma mtovu anauikira malamulo. Chitseko cha kanyumba chizikhala chotsegula. Zovala za kumeneko zizitsala komweko. Khofi asalowemo, madzi asayandikire mphika, ndipo manja asambidwe kawiri munthu asanakhudze buledi. Folke ankang'ung'udza kuti mtovu anaudziwa kale Gunvor asanadziwe kuphika mbatata, koma malamulowo ankawasunga onse.

Kukalabu kuja kunali mnzake, Arvid Norell, amene anayendetsa basi yopita ku tauni yoyandikana ya Mora mpaka ukalamba. Arvid anali wamtali, wolankhula mokweza ngati akadali kupikisana ndi injini. Iyeyu zipolopolo ankapangira ng'anjo yamagetsi, ija ya mpopi pansi: umaika chikombole kunsi, kukweza kachitsulo, mtovu n'kutsika wokha. Koma ya Arvidyo inali ndi khalidwe limodzi loipa. Inkadontha. Ngakhale utseke bwanji, kampopi kake kankangoti tho, tho, tho. Ndiye awiriwa akakumana, moni wawo unali umodzimodzi chaka ndi chaka.

"Wafika wophika phala uja!" Arvid ankakuwa Folke asanatsike n'komwe m'galimoto. "Lapsa, aise? Chipande wanyambita?"

"Lapsa kalekale. Nanga kamwana kako kachimfine kaja wakamina mamina lero?"

"Kanga n'kamakono, iwe. Munthu ungokhala pampando."

"N'chifukwa chake zipolopolo zako zimapita kukafuna mpando m'tchire m'malo mopita pachandamale."

Anthu ankaseka, ngakhale anali atazimva kambirimbiri. Folke anali atalumbira poyera, osati kamodzi, kuti ng'anjo ya mpopi idzalowa m'kanyumba kake iye atatuluka chogona.

Chaka chimene anakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, mwezi wa Epulo, anatsegula kanyumba kuti apange zipolopolo zoyamba za chakacho. Kunali kadzuwa kabwino, madzi akutsika m'ngalande za m'misewu. Mtovu unasungunuka, anayengula zinyalala za pamwamba, natunga. Chipande chitafika pakati pa mphika ndi chikombole, dzanja lamanja linayamba kuvina. Analiyang'ana ngati la munthu wina. Anayesa kuliumitsa, koma m'pamene linanjenjemera kwambiri, mtovu n'kutayikira patebulo, dontho lina n'kugwera pansonga ya jombo. Anabweza chipande, napuma, nayesanso. Mpaka masana anali atapanga zipolopolo makumi anayi. Zambiri zinali ndi makwinya ngati khungu la nkhalamba, ndipo sikelo inavomereza zisanu ndi zinayi zokha.

Anazimitsa gasi, nasamba m'manja kawiri, nakakhala patebulo. Gunvor anamuikira khofi ndi banzi la sinamoni.

"Zatuluka bwanji?"

"Mtovu wake ndi woipa uja."

"Mtovu," anatero Gunvor, akudula banzi lake pakati. "Folke, kapu yako yakhala ikuliza belu pasosa chiyambire Khirisimasi. Ukuganiza ndine wogontha?"

Folke anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma kapu inali m'dzanja, ndipo inali ikulizadi belu. Anaiika pansi.

Dokotala, mayi wachitsikana wa magalasi aakulu, anamutambasulitsa manja, kumulembetsa dzina, kumujambulitsa mzere wozungulira ngati nkhono. Anamutenganso magazi kuti aone ngati mtovu unamulowa m'thupi. Patapita masiku anamuitana n'kumuuza kuti magazi ali bwino, ndipo kunjenjemerako si matenda oopsa a ubongo amene iye ankaopa mumtima.

"Ndi manjenje chabe, amayenda m'magazi a pamtundu. Bambo anu ankanjenjemera?"

"Supu ankamwera m'kapu," Folke anakumbukira.

"Ndi zomwezo basi. Dzanja likakhala m'malere litanyamula kanthu, livina. Mukalitsamiritsa penapake, likhala phee."

Kuwombera sikunavute kwenikweni, poti munthu ukagona pamkeka zigongono zimakhala pansi ndipo mfuti yake inali yolemera. Vuto linali chipande. Folke anadziwa tsiku lomwelo, akutuluka m'chipatala, kuti mankhwala ake ndi ng'anjo ya mpopi ija, ndipo anafika pagalimoto akutukwana chamumtima.

Kwa masabata atatu, tebulo lodyera linadzaza ndi timabuku ta m'masitolo. Folke anabwereka kompyuta ya Gunvor, nayamba kuwerenga zimene anthu a mayiko osiyanasiyana ankakangana za ng'anjo. Anatenga pepala lalikulu, nalemba mizere ndi pensulo ya ukalipentala. Yaing'ono imatentha msanga, koma mtovu suchedwa kutha, ndiye uziimaima kudikira wina asungunuke. Yaikulu imasunga kutentha bwino, koma munthu wopanga zipolopolo makumi asanu pa sabata angatani nayo, akufuna kumenya nkhondo? Panalinso yamagetsi yopanda mpopi, yotungamo ndi chipande monga mwa kale, ndipo imeneyi anaiyamikira masiku anayi athunthu.

"Ndiye imeneyo ikuchiritsa dzanjalo?" anafunsa Gunvor.

"Ndikungoona zonse, kodi n'kulakwa?"

"Pamene unkandifunsira ine sunatenge masabata atatu."

"Iweyo ndinaoneratu kuti sudontha."

Gunvor anamukwapula ndi kansalu kopukutira mbale, koma anatembenukira kusinki akuseka.

Ku Mora kunali sitolo yogulitsa zoterezi, ulendo wa mphindi makumi awiri. Folke anati kumeneko kulibe zabwino, n'kusankha ya ku Borlänge, ulendo wa maola awiri. Gunvor sanafunse chifukwa, poti anadziwa kuti akuthawa maso a anthu omudziwa. Anangoti naye akufuna ulusi wolukira juzi, nalongedza buledi, tchizi ndi fulasiki.

M'sitolomo munali mayi wina wa tsitsi laimvi lometa lalifupi, dzina lake Ylva, amene nayenso ankawombera mfuti zakale. Anatsitsa ng'anjo zitatu n'kuziika pakauntala. Folke sanayang'ane utoto kapena kabatani kochepetsera moto. Anavala magalasi, napendeketsa yoyamba, nasuzumira kumpopi. Anakweza kachitsulo kotsegulira, kukasiya, kukwezanso, khutu ali tcheru.

"Bambo, mumagwira ntchito yanji?" anafunsa Ylva.

"Ndinali pulambala."

"Ndinadziwa. Anthu ena amayamba kufunsa kuti imalowa mtovu wochuluka bwanji."

"Ndiuzeni zoona, mayi. Iti mwa izi imene sidontha?"

"Zoona zake? Iliyonse idzadontha tsiku lina, mukaisunga mwauve. Mpopi ndi mpopi." Ylva anatsamira pakauntala. "Mwati mwachokera ku Orsa? Chaka chatha kunabwera bambo wina wa kwanuko, wamtali, mawu ngati wailesi. Ankafuna kachitsulo katsopano, akuti yake yamutopetsa n'kudontha. Ndinamuuza kuti kachitsulo si vuto, apeze munthu wodziwa mipopi amukonzere. Akuti, 'Alipo mmodzi, mayi, katswiri weniweni, kuno konse kulibe wina. Koma ndikamupempha ameneyo adzandiseka mpaka kumanda.'"

Folke anavula magalasi pang'onopang'ono. "Anatero? Katswiri weniweni?"

"Anatero kumene. Mukumudziwa?"

"Ayi," anatero Folke. "Kwathu kuli anthu aatali ambiri."

Anatuluka osagula kanthu. Pobwerera anaima m'mbali mwa msewu kudya buledi uja, ndipo Gunvor anaona kuti mwamuna wake akumwetulira yekha, akuyang'ana mitengo.

M'mawa mwake anaika bokosi la zipangizo m'galimoto n'kupita kwa Arvid. Chimwalirireni mkazi wake, Arvid ankakhala yekha ndi galu wokalamba, ndipo nthawi yambiri ankaithera m'galaja. Anamupeza komweko, ng'anjo ili yoyaka. Pansi pa mpopi panali kachitini, ndipo m'kachitinimo madontho a mtovu anali ataunjikana mpaka kupanga kachulu kosongoka.

"Ukuumba tchalitchi?" anafunsa Folke.

"Ukufuna chiyani kuno ndi bokosi lakolo? Sinki yanga ili bwino."

"Ndabwera kudzaona wodwala. Zimitsa, khuthula, tiisiye izizire."

Arvid anamuyang'ana nthawi yaitali, koma anazimitsa. Itazizira, Folke anasolola kachitsulo kotseka mpopi, nakaonetsa padzuwa. Kunsonga kwake kunali kokutidwa ndi zinyalala zopserera.

"Umathiramo chiyani muno?"

"Mtovu. Ndizithiramo chiyani, mkaka?"

"Wotola mumchenga kuseri kwa chandamale uja? Umangouponya muno osayamba wauyeretsa pena?"

"Nanga si umasungunuka womwewo?"

"Mayo ine! Zaka zonsezi ukudyetsa mwana mchenga, ndiye ukudabwa kuti akudwala? Basi ija unkathiramo madzi a m'chithaphwi?"

Anapala zinyalalazo, napaka kansonga mankhwala opera zitsulo, nakalowetsa pamalo pake n'kuyamba kukapotokola uku ndi uku, monga anachitira ndi mipopi mazanamazana ya m'tauniyo. Pantchito imeneyi dzanja silinavute, poti chigongono chinali patebulo. Atamaliza anatsuka zonse, naumitsa bwinobwino, naikamo mtovu woyera umene anabwera nawo. Anayatsa. Awiriwo anaima, manja m'matumba, maso pampopi. Mtovu unasungunuka. Panapita mphindi zisanu, kenako khumi. Kampopi kali gwa, kouma.

"Hm," anatero Arvid.

"Hm chiyani? Nena bwinobwino."

"Mwina yangotopa." Anakoka mpando ndi phazi. "Tayesa tione ngati sunaitsekeretu. Chikombole ndi icho, chatentha kale. Ine ndikaphike khofi."

Folke anakhala pampando umene anaunyoza zaka zonse zija. Anavala magolovesi, natsamiritsa chikombole pakashelefu ka pansi pa mpopi, nakweza kachitsulo ndi chala cha kumanzere. Mtovu unatsika ngati ulusi wasiliva. Anawerenga mpaka zisanu, natsegula. Chipolopolo chinagubuduka pathaulo chili see, chopanda khwinya ndi limodzi lomwe. Anapanga china. Kenako china. Pamene anadzutsa mutu, pathaulo panali zoposa makumi atatu, ndipo anazindikira kuti khofi wa Arvid watenga nthawi imene munthu angaphikire nyemba.

Anazimitsa, nasamba m'manja, nakamupeza pakhonde atakhala ndi galu, makapu awiri ali patebulo. Ya Folke inali yaikulu, yopanda sosa, ndipo khofi anali wolekeza pakati.

Folke anaiyang'ana kapuyo. "Unadziwa liti?"

"Mu Febuluwale. Pamsonkhano wa kalabu, pamene unkasaina buku."

"Osanena bwanji?"

"Ndikanati chiyani? Ukanayamba watsutsa, kenako ukanandiuza kuti cholembera ndi choipa." Arvid anakanda galu kukhutu. "Ine bondo ili silipinda, khutu lakumanzere linatseka. Aliyense ali ndi chake, aise. Imwa khofi."

Anamwa. Patapita kanthawi Folke anati, "Ukauza anthu kukalabu, ndidzabwera kudzaimasulanso ija."

"Ndikauza onse. Ndikachita kukwera patebulo."

Madzulo a tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, Folke anaimbira foni Ylva. Anasankha yapakati, ya mpopi, yokamwa kwakukulu kuti azitha kuyengulamo bwino. Itafika pa positi, sanaiyatse. Anayamba waimasula yense, kupera kansonga kake, kuimanganso, Gunvor ataima pakhomo akupukusa mutu kuti chinthu chatsopano chikuchitidwa opaleshoni chisanadwale. Anaikhomera patebulo, pamwamba pa matabwa awiri, kuti akakhala pansi mpopi uzikhala moyang'anizana ndi maso. Mphika wakale uja sanautaye. Unatsikira panja, pachitofu chake cha gasi, ndipo ntchito yake inakhala yoyeretsa mtovu wakuda usanalowe m'ng'anjo. Kumeneko ngakhale chipande chivine palibe chimene chinkaonongeka, poti ankangothira m'zikombole zazikulu zokhala pansi.

Masiku oyamba ankachita manyazi kugwira ntchito atakhala. Ankati akamva Gunvor akubwera, n'kuimirira msangamsanga ngati wagwidwa akuba. Koma msana unasiya kuwawa, ndipo sikelo inkavomereza pafupifupi zonse. Anayamba kuika kawailesi pazenera. Gunvor akamapalira maluwa ankamumva akuimba motsatira nyimbo zimene sankadziwa mawu ake.

Arvid sanakwere patebulo, bondo linakana, koma anaimadi pakati pa bwalo la kalabu n'kulengeza ndi mawu ake onse. Anthu anawomba m'manja, wina anaimba mluzu, wina anafunsa ngati chipande chija achiika m'nyumba yosungira zakale. Folke anavula chipewa n'kuwerama ngati woimba pa siteji.

"Yanga sidontha," anatero. "Kusiyana kwake n'kumeneko. Ng'anjo inalibe mlandu, wolakwa anali dalaivala."

Asanachoke tsiku limenelo, anthu awiri anamukokera pambali, aliyense payekha, kumunong'oneza kuti nazonso zawo zili ndi kachimfine pang'ono.

Mpikisano waukulu wa chigawo unachitika mu Ogasiti, tsiku la mvula yowaza. Onga unkachita chinyezi, mfuti zina zinkangoti tswee osalira, ndipo utsi unkakhala pansi osafuna kuchoka. Pa anthu khumi ndi asanu ndi anayi, Folke anakhala wachisanu ndi chimodzi. Arvid anakhala wachisanu ndi chitatu, ndipo anafotokozera aliyense amene anali pafupi kuti mphepo inkadikira iyeyo kuti iyambe kuwomba. Anadya masoseji otentha ataima pansi pa denga la malata, msuzi wa mpiru wothira pamasosejiwo ukudontha m'zala, akukangana za chipolopolo chimodzi cha Arvid chimene chinakhudza mzere kapena sichinakhudze.

Pobwerera, Gunvor, amene anakhala tsiku lonse m'galimoto akuluka, anagwira Folke pamkono ali pakati pa nkhalango.

"Ima apa."

"Chavuta n'chiyani?"

"Ima, ndaona chikasu paja."

Anaima. Gunvor anatsika ndi thumba la pepala, nadumpha ngalande, nawerama pansi pa mitengo ya paini. Unali bowa wachikasu, wochuluka, wongotuluka kumene ndi mvulayo. Arvid, amene ankabwera pambuyo pawo, anaimitsanso galimoto yake n'kutsitsa galasi.

"Yafa?"

"Bowa!" anakuwa Gunvor osadzutsa mutu. "Tsikani nonse awiri. Amene satola sadya."

Nkhalamba ziwirizo zinatsika zikubuula, wina bondo wina chiuno, n'kulowa m'tchire lonyowalo. Thumba linadzaza, ndipo wotsala anauika m'chipewa cha Arvid. Gunvor anati batala alipo kunyumba, koma buledi ndi wadzana, ndiye wina adutsire kusitolo isanatseke.